Manja Odikira Nyimbo Ipume

Kumapeto kwa gawo loyamba la The Civil War, filimu ya Ken Burns yosimba nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuli mphindi zingapo zimene simuona munthu akuyenda ngakhale mmodzi. Imayamba kulira vayolini yokhayokha, popanda choiperekeza. Mawu a Paul Roebling akuwerenga kalata imene msilikali wa ku Rhode Island, Sullivan Ballou, analembera mkazi wake Sarah pa 14 Julayi 1861, kumutsanzika ngati munthu wodziwa kuti mwina sabwerako. M'maso mwathu mukudutsa zithunzi zakale za asilikali ndi akazi awo, anthu amene anaima chilili pamaso pa wojambula zaka zoposa 160 zapitazo. Kalata itatha, wosimba nkhani David McCullough amangotiuza kuti nkhondo ya ku Bull Run, imene inamenyedwa patangopita sabata imodzi, ndiyo inamutenga Ballou.

Kachigawo kameneka ndakaonera kosawerengeka. Poyamba ndinkati chimene chimandigwira pakhosi ndi kalatayo, tsiku lina ndinkati ndi nyimboyo. Kenako ndinayamba kusakasaka dala malo amene chithunzi chimodzi chikupatukira chinzake, ndipo ndinaona kuti kawirikawiri ndimawaphonya. Ndimangozindikira ndili kale pa nkhope ina, osamva kuti wina wandikankha. Apa mpamene ndinayamba kulemekeza manja a akonzi a filimuyi, Paul Barnes ndi anzake Bruce Shaw ndi Tricia Reidy. Telala waluso amadziwika ndi msoko umene diso silingaupeze, ndipo anthu amenewa anasoka maola ambirimbiri mwa njira imeneyo.

Nkhondoyo inamenyedwa kuyambira 1861 mpaka 1865, kanema asanabadwe. Chimene chinatsala ndi zithunzi za pa magalasi zimene anajambula Mathew Brady, Alexander Gardner, Timothy O'Sullivan ndi ena ambiri. Makamera a nthawi imeneyo ankafuna kuti munthu aime osagwedezeka kwa masekondi angapo, n'chifukwa chake muli nkhope zoyang'ana kutsogolo, mahema, milatho yogumuka ndi mitembo yogona m'minda ya ku Antietam ndi Gettysburg, koma mulibe msilikali wothamanga. Burns ndi gulu lake anayenda m'nyumba zosungira zinthu zakale n'kujambula pa filimu ya 16mm zithunzi pafupifupi 16,000. Ntchitoyo inatenga zaka 5, kuposa nkhondo yeniyeniyo. Inaonetsedwa pa PBS mu Sepitembala 1990, magawo 9 a maola pafupifupi 11, ndipo anthu pafupifupi 40 miliyoni anaionera.

Vuto limene akonziwa anali nalo ndi lomwelo limene ali nalo aliyense wolumikiza slideshow lero. Kanema wa munthu woyenda amakuuza yekha podula: chitseko chatsekeka, mutu watembenuka, mpira walowa. Chithunzi choima chilibe poyambira, chilibe pothera. Uchisiye masekondi 2 kapena 20, chimangokuyang'ana. Nthawi yake iyenera kubwerekedwa kwina, ndipo Burns anaibwereka ku nyimbo.

Chizolowezi cha opanga mafilimu ambiri n'chakuti zithunzi zimalumikizidwa kaye, kenako wopeka nyimbo amaitanidwa kuti adzadzaze mipata. Burns amatembenuza dongosololi. Oimba amawaitana koyambirira, filimu isanaumbike, n'kujambula nyimbo imodzi m'njira zambiri: modekha, mofulumira, pa piyano, pa vayolini. Woimba piyano Jacqueline Schwab ankasimbiridwa chochitika china cha m'nkhondoyo, iye n'kuimba nyimbo za m'zaka zimenezo monga mtima wake wamvera. Matepi amenewa ndiwo ankafika pa tebulo la akonzi, iwo n'kumamanga zithunzi pamwamba pake monga njerwa pa maziko. Burns wafotokoza kangapo kuti amalolera kufupikitsa kapena kutalikitsa ngakhale chiganizo cha wosimba nkhani, bola mzere wa nyimbo ufike pamene ukupita.

Nyimbo ya pa kalata ya Ballou ndi Ashokan Farewell. Siinachokere ku nthawi ya nkhondo. Anaipeka Jay Ungar mu 1982, msasa wa oimba vayolini ndi ovina umene ankatsogolera ku Ashokan, m'mapiri a Catskill ku New York, utatha ndipo anzake atabalalika. Anaiumba motsata nyimbo zolira za ku Scotland. Akuluakulu amati nyimbo imodzi sachezera gule, koma iyi imamveka ka 25 m'filimuyi, pafupifupi ola lathunthu mukaphatikiza, ndipo sitopetsa, chifukwa imabwera itavala mosiyanasiyana ndipo imanyamula nkhope zosiyanasiyana.

Kuti muone luso la akonziwa, mverani kaye mmene nyimboyi inaumbidwira. Ndi waltz, kutanthauza kuti imagunda katatu katatu, koyamba kolemera, kawiri kotsatira kopepuka. Mzere wake umayamba ndi timawu tokwerera, ngati munthu wonyamula phazi asanaponde, umayenda pang'ono, kenako umakhazikika pa liwu lalitali. Paliwu lalitalilo woimba amakoka uta wa vayolini mpaka ufike, n'kupuma. Amene anamvapo mayi woyambitsa nyimbo pamaliro akudziwa kampata kameneka: mzere watha, iye akukoka mpweya, anthu onse akudikira. Kampata kameneka ndiko khomo la chithunzi chatsopano. Khutu likamva kuti chiganizo cha nyimbo chatha, diso nalo limalolera kusiya chimene linagwira.

Ndipo poti vayolini ikulira yokha koyambirira, popanda ng'oma kapena gitala woisunga pa liwiro limodzi, woimba amatalikitsa apa, amafulumira apo, monga mtima wamutumira. Mkonzi wofuna kuwerengera ndi wotchi kuti chithunzi chilichonse chitenge masekondi ofanana akanasochera asanafike patali. Pa kachigawo ka Ballou palinso mpweya wachiwiri, wa wowerenga kalata, amene ali ndi popumira pake. Mkonzi ayenera kupeza malo amene mpweya wa woimba, mpweya wa wowerenga ndi kukhuta kwa diso zikugwirizana. Malo otero ndi ochepa, n'chifukwa chake zithunzi za pamenepa zimakhalitsa.

Kumbukiraninso zida zimene anali nazo. The Civil War inalumikizidwa pa matebulo a Steenbeck, pamene filimu ndi tepi ya mawu zimayenda limodzi pa mbale zozungulira. Kudula kunali kudula kwenikweni, ndi mpeni wa makina, kenako kumata ndi tepi. Mkonzi wa nthawi imeneyo akafuna kuti chithunzi chisungunukire mu chinzake, ankalemba mzere wopendekera pa filimuyo ndi pensulo ya phula, kusonyeza poyambira ndi pothera, ndipo kusungunukako ankakuona filimu itabwera kuchokera ku labotale. Kufikira tsikulo ankakuona m'mutu mokha. Munthu wogwira ntchito motero sadula mwachisawawa. Amamvera nyimbo mobwerezabwereza mpaka italowa m'mapewa, kenako n'kulemba mzere wake.

Lero zonsezi zili m'thumba. Premiere Pro, DaVinci Resolve ndi Final Cut Pro zimajambula nyimbo pa timeline ngati mapiri ndi zigwa, moti pamene ng'oma yagunda pamaoneka kansonga. Mukamaseweretsa nyimbo n'kumadina batani la M, pulogalamu imabzala kachizindikiro pamalo aliwonse mwadinapo, ndipo Premiere Pro imatha kuyala yokha zithunzi zanu pa zizindikirozo. CapCut, imene achinyamata ambiri ali nayo pafoni, imasaka yokha mabiti n'kuika timadontho. Ndi zida zabwino zedi, ndipo zimachita m'kamphindi ntchito imene kale inkadya tsiku. Koma zimene zimapeza ndi pamene pagunda. Pamene nyimbo yapumira, ndi chimene chithunzi chikunena, zikufunabe khutu ndi diso la munthu.

Ngakhale kugundako kuli ndi misampha yake, ndipo mkonzi wosamala amaidziwa ndi masamu. Kanema ndi mndandanda wa mafulemu: 24 pa sekondi ku sinema, 25 pa wailesi ya kanema m'maiko ngati Malawi ndi Britain, 30 m'mafoni ambiri. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imagunda kawiri pa sekondi. Pa mafulemu 24, biti imodzi ndi mafulemu 12 ndendende. Pa 30, ndi 15. Koma pa 25 ndi mafulemu 12 ndi theka, ndipo fulemu sidulidwa pakati. Mukangoti biti iliyonse ikhale mafulemu 12, mukutaya theka la fulemu pa kugunda kulikonse. Pakatha mabiti 50, amene ndi masekondi 25 okha, zithunzi zimakhala zitatsogola ndi sekondi yathunthu. Woonera sangatchule chimene chalakwika, koma amamva ngati akuona wovina amene wasiyana ndi ng'oma. Nyimbo yoimbidwa ndi kwaya kapena bandi yamoyo ndiye imasinthasintha liwiro, moti kupatsa zithunzi zonse utali wofanana kumalephera msanga. Mkonzi waluso amaika chizindikiro chilichonse payekha, akumvera.

Pali chinsinsi china chaching'ono chimene akonzi ambiri amachigwiritsa ntchito: chithunzi chatsopano chimalowa fulemu imodzi kapena awiri biti isanagunde. Chifukwa chake tonse timachidziwa kuyambira ubwana. Mukaona mayi akusinja tsidya lina la dambo, musi umatsika kaye, phokoso lake n'kufika pambuyo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kuwala kumafika nthawi yomweyo, choncho ubongo unazolowera kuona kaye n'kumva pambuyo. Bungwe la ITU la ku Geneva, pounika kugwirizana kwa mawu ndi zithunzi pa wailesi ya kanema, linapeza kuti anthu amayamba kuzindikira vuto mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, koma akachedwa amapirira mpaka pafupifupi 125. Pa mafulemu 25, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40. Ndiye kuti chithunzi chikafika mafulemu awiri biti isanagunde, woonera amamva ngati zafikira limodzi. Chikachedwa ndi mafulemu awiri omwewo, amamva kuti chatsalira. Mtunda wake ndi wofanana, koma mbali imodzi ndi yokhululuka, ina ayi.

Kusungunuka kwa chithunzi mu chinzake nako kuli ndi mafunso ake. Kudula kwachindunji kumachitika pa fulemu imodzi, koma kusungunuka kuli ndi chiyambi, pakati ndi mapeto. Mapulogalamu ambiri amakupatsa sekondi imodzi n'kuika pakati pake ndendende pa msoko. Mukasiya choncho, pamene biti ikugunda woonera akuona zithunzi ziwiri zosakanikirana, nkhope ya mwana ikutuluka pamphumi pa agogo. Pa nyimbo yodekha, yoyamba ndi timawu tokwerera, mkonzi wosamala amasuntha kusungunukako kuti kuyambe ndi timawu timeneto n'kuthera pa liwu lolemera, kuti nkhope yatsopano ikhale itayera pamene mzere watsopano waponda pansi. Nthawi zina amachita mosemphana: amayambira pa liwu lalitali lomaliza, chithunzi chakale n'kumazilala limodzi ndi liwulo. Njira yoyamba imamveka ngati mlendo akufika, yachiwiri ngati munthu akutsanzika. Batani lake ndi limodzi, koma kusankha kumafuna kuti mkonzi adziwe chimene akufuna woonera amve.

Chomwechonso ndi kuyenda kwa kamera pa chithunzi choima, kumene dziko lonse tsopano limakutcha Ken Burns Effect. Burns mwini amavomereza kuti sanakuyambitse. Anakuona mu City of Gold, filimu ya mu 1957 ya Colin Low ndi Wolf Koenig a ku National Film Board of Canada, yosimba za ofuna golide ku Dawson City, ndipo mphunzitsi wake Jerome Liebling wa ku Hampshire College anamuphunzitsa kuyang'ana chithunzi ngati malo amene muli moyo. Dzinalo linafala pamene Apple, Steve Jobs atapempha chilolezo, inaika njirayi mu iMovie mu 2003. Mu pulogalamu, chithunzi chilichonse chimangoyandikira kapena kutalikira pa liwiro lomwelo. M'manja mwa Burns ndi akonzi ake, kamera imanyamuka chifukwa ili ndi kumene ikupita: imachoka pa mfuti kukwera ku maso, imachoka pa gulu lonse kukapeza kamnyamata kamodzi kumapeto kwa mzere. Ndipo ulendo wotero umakoma ukafika pamodzi ndi nyimbo. Kamera ikapeza maso aja pamene vayolini ikukhazikika pa liwu lake, chithunzi cha mu 1862 chimakhala ngati chakuyang'anani.

Walter Murch, mkonzi amene analandira mphoto ziwiri za Oscar chifukwa cha The English Patient, ina ya kulumikiza zithunzi ina ya mawu, amagwira ntchito ataimirira. Pofuna podula, amaseweretsa kanema pa liwiro lake lenileni n'kudina pamene thupi lamuuza, kenako amabwereza. Akadina pa fulemu yomweyo kawiri, amadziwa kuti malowo ndi oona. Akaphonya, amadziwa kuti sanamvetse kayendedwe kake. M'buku lake la In the Blink of an Eye anaika pa sikelo zinthu 6 zimene msoko wabwino uyenera kukwaniritsa. Pa magawo 100, kukhudza mtima anakupatsa 51, kupititsa nkhani patsogolo 23, kayendedwe ka nthawi 10 okha, otsalawo n'kugawira kumene diso likuyang'ana ndi malo. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akumvera mafulemu akutiuza kuti biti ndi yachitatu. Ikalimbana ndi mtima, mtima upambane.

Kwathu kuno nzeru imeneyi ili pabwalo la gule. Ng'oma zina zimagwira kugunda kosasintha, koma woimba mbalule maso ake ali pa mapazi a wovina. Amasiya mabiti ambiri adutse, n'kudzamenya pamene phazi latsika kapena chiuno chatembenuka, ndipo bwalo lonse limalulutira chifukwa cha kukumana kumeneko. Akanamenya mwamphamvu pa kugunda kulikonse, sipakanakhala chodikira. Mkonzi wa slideshow ndi woimba mbalule wa zithunzi zake. Timadontho ta pulogalamu ndi ng'oma zogwira liwiro, zofunika kuti asasochere, koma iye ayenera kusankha pomenya.

Ndinaphunzira zimenezi pa mwambo wa chiliza cha malemu amalume anga. Ndinasonkhanitsa zithunzi zawo m'maalubamu a abale, kuyambira ali mnyamata wa kabudula mpaka ali ndi imvi, n'kuziyala pa nyimbo ya kwaya imene ankaikonda. Pulogalamu inandipatsa timadontho, ine ndinaika chithunzi pa kadontho kalikonse kachinayi, ndipo zonse zinagwera m'malo mwake bwinobwino. Usiku wa dzulo lake ndinaonetsa amayi. Tili pakati anandigwira dzanja nati, "Tabweza pang'ono mwananga, alongo anga sindinawaonetsetse." Chinali chithunzi cha ukwati, chokhala ndi anthu oposa khumi. Amayi ankafuna kupeza mlongo wawo, kenako mayi awo, kenako iwo eni ali kamtsikana m'mphepete. Ine ndinali nditachipatsa nthawi yofanana ndi ya chithunzi cha pachiphaso. Usiku womwewo ndinachotsa pafupifupi theka la zithunzi, ndinamvera pamene kwaya ikukoka mpweya, ndipo chithunzi cha ukwati ndinachisiya chidutse ndime yathunthu. Mawa lake, pamene chinaonekera pakhoma, ndinamva anthu akutchulana maina chapansipansi, ndipo onse anatha kutchula chisanachoke.

Diso limawerenga chithunzi monga limawerengera kalata. Nkhope imodzi yapafupi imawerengeka msanga. Gulu la anthu, msika, kalasi ya ana a sukulu, zimafuna nthawi. Chithunzi cha munthu amene anatisiya chimafuna nthawi yoposa pamenepo, chifukwa woonera akuyang'ana ndiponso akukumbukira. Zithunzi za gule wa pa ukwati zitha kuthamanga pa biti iliyonse kwa kanthawi, ndipo zimakoma zikatero, makamaka ngati patsogolo pake panali podekha. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Akonzi a The Civil War anakhulupirira kuti anthu a m'zithunzi zawo, ambiri a iwo osadziwika maina, ndi oyenera kuyang'anidwa mpaka diso likhute, ndipo anthu mamiliyoni anakhala pansi usiku 5 kuwayang'ana.

Tsono inu amene mwapatsidwa zithunzi za chinkhoswe cha mchemwali wanu, za tsiku lomaliza sukulu, kapena za kholo limene lagona, musathamangire kuziyala. Ikani nyimbo kaye. Imvereni katatu maso ali otseka, ndipo dinani chizindikiro pokhapo pamene woimba wakoka mpweya. Yang'anani chithunzi chilichonse n'kudzifunsa kuti amayi anu angafune nthawi yotani kuti apeze aliyense amene alimo. Nyimbo ikakhala yaifupi, chepetsani zithunzi. Lowetsani chatsopano fulemu imodzi kapena awiri biti isanagunde, ndipo chomaliza chikhale mpaka liwu lomaliza litazimiririka. Anthu amene ali m'zithunzizo anaima n'kudikira wojambula. Nanunso adikireni.